Umboni wa Mayi pa Mlandu wa a Kulibe

Bambo anga ndi womata mabuku, ndipo sakhulupirira kuti kuli Mulungu. Ziwirizi ndazitchulira pamodzi dala. M'tauni mwathu muno buku la masamu likathothoka chikuto limakathera kwa wogulitsa mtedza kuti azikulungira. Buku limene munthu amapita nalo kwa mmisiri, atalifukata ngati mwana wodwala, kawirikawiri ndi la kutchalitchi: la Mawu, la nyimbo, la mapemphero. Choncho kwa zaka makumi anayi ndi zitatu bambo akhala akudya ndi kuvala kuchokera m'mabuku amene iwo amati ndi nthano za anthu oopa imfa. Wamkachisi amadya zamkachisi, amatero akuluakulu. Bambo amadya zamkachisi ali panja.

Mumsewu wa shopu yawo ndi ochepa amene amadziwa dzina lawo lenileni. Onse amangoti a Kulibe, ndipo dzinali anadziputira okha. Munthu akasiya buku n'kunena kuti, "Mulungu akalola ndidzatenga Lachisanu," iwo amayankha osadzutsa ndi mutu womwe: "Kulibe. Guluu akauma mudzatenga Lachisanu." Ena amapsa mtima n'kulumbira kuti sadzapondakonso. Koma mmisiri wa mabuku m'tauni yonse ndi yemweyo, ndiye amabwerabe.

Shopuyo ndi kachipinda pakati pa wometa tsitsi ndi wodula makiyi. Muli tebulo lalitali, mashelefu mbali zitatu, ndi chopanira mabuku chachitsulo chokhala ndi gudumu pamwamba, chimene chinalowa ndi amuna asanu ndipo sindikuganiza kuti chidzatulukanso. Pamsomali pamapachikidwa ulusi wopaka phula. Singano amazibaya pa kachidutswa ka sopo wouma. Guluu amaphika okha m'kachitini, ndipo fungo lake linawalowa m'malaya moti ndili mwana ndinkayesa kuti abambo onse amanunkha choncho. Kuseri kwa chitseko kuli beseni la madzi, sopo ndi kathaulo.

Ine ndine mwana wawo yekhayo wamoyo. Panali mkulu wanga, mtsikana, amene anamwalira ali ndi zaka zitatu ine ndisanabadwe. Za iye kunyumba sizinkakambidwa. Chinalipo ndi chithunzi chokha pamwamba pa kabati, chimene mayi ankapukuta Loweruka lililonse. Ndimagwira ntchito yotaipa kukhoti, ndipo zaka khumi ndi zisanu zandiphunzitsa chinthu chimodzi: zimene munthu wachita n'zosavuta kulemba, koma chifukwa chimene wachitira ndi pamene maloya amadyerapo. Ndikunena izi kuti mudziwiretu kuti mlandu uwu ine sindinauweruze. Ndinangolemba zimene ndinaona.

Wofufuza mlandu anali mayi anga. Mayi ankaimba kwaya, mzere wachiwiri chakumanzere, kuyambira ali mtsikana mpaka mawondo atakana kuima. Za Mulungu sankakangana ndi bambo. Anasiya kalekale, chifukwa bambo mabukuwo anawasoka tsamba ndi tsamba kambirimbiri ndipo amawadziwa kuposa abusa. M'busa wina wachinyamata anabwerapo kushopu kudzawatembenuza mtima. Anakhala maola awiri, n'kutuluka thukuta lili kamukamu, atasiya buku lake kuti alimate kumsana.

Mayi anatenga njira ina. Iwo ankati bambo ndi ouma pakamwa chabe, mumtima amakhulupirira, ndipo manja awo amawaulula. Sinali nkhani yofuna kupambana mkangano. Anandiuza tsiku lina tikuyanika zovala, ine ndili ndi zaka khumi ndi zinayi: "Kufa sindikuopa ayi. Chimene ndimaopa n'kukafika kumeneko n'kumangoyang'ana kuchipata, munthu osabwera." Ankafuna kudziwa asanafe kuti mwamuna wawo akamupeza. N'chifukwa chake anali atayamba kalekale kusonkhanitsa umboni, n'kumaulemba m'masamba opanda kanthu a kumapeto kwa buku lawo la Mawu. Masambawo atadzaza anayamba kuwonjezera mapepala a m'kope.

Nthawi zina mboni ankaifunsa pamaso, pa tiyi wam'mawa.

"Bambo, n'chifukwa chiyani mumasamba m'manja musanagwire buku la Mawu?"

"Mafuta, mayi. Pepala lake n'lopyapyala, chala chamafuta chimadinda."

"Nanga osaliika pansi bwanji?"

"Chinyezi. Ndi chiswe."

"Nanga Lamulungu osatsegula shopu?"

"Makasitomala anga onse amakhala ali kwanu uko akuimba. Ndikatsegulire ndani, mbuzi?"

Mayi ankamwetulira n'kuthira shuga. "Galu wamkota sakandira pachabe."

"Mwafika ponditcha galu tsopano."

"Ndati wamkota. Ndi ulemu umenewo."

Kunena zoona, zolemba zinalipo zambiri. Bambo akamadula m'mphepete mwa buku la Mawu kuti masamba alingane, timizere ta pepala timene tatsala sataya m'bini. Amatisunga m'chitini cha mabisiketi. Iwo amati n'tomatira masamba ong'ambika, popeza pepala lopyapyala choncho silipezeka m'sitolo. N'zoona, amamatiradi. Koma zitinizo tsopano zilipo zisanu ndi ziwiri, zodzaza, ndipo ngakhale atakhala ndi moyo zaka zina zana sadzatha chimodzi. Buku likabwera tsamba litasoweratu, amalemba tsambalo pamanja, tizilembo ting'onoting'ono ta inki yakuda, osayang'ana pena paliponse, ndipo sindinamvepo kuti alakwitsa liwu. Ashehe akabweretsa lawo, bambo amasamba m'manja chimodzimodzi, n'kulikulunga m'nsalu yoyera ngakhale sadziwa kuwerenga chilembo ndi chimodzi chomwe cha m'menemo. Ichi chinawagwiritsa mayi njakata kwa sabata yathunthu. Pamapeto pake anachilembabe, akuti mantha ndi mantha, kolowera adzakudziwa.

Panalinso zina zimene mayi sankalemba, ndipo ine monga munthu wakukhoti ndiyenera kuzitchula. Pachakudya mayi akatsinzina kupemphera, bambo amakhala atayamba kale kudya, maso ali gwa. Basi imene tinakwera tonse atatu itaphulika tayala n'kuyamba kupepeluka, anthu onse anaitana Mulungu, aliyense m'chipembedzo chake. Bambo anatukwana dalaivala. Pamaliro a mchimwene wawo weniweni anakhala phee nyimbo zonse, ndipo mlaliki atanena kuti malemu ali pamalo abwino, bambo anamveka mpaka mzere wachitatu akuti, "Ali m'bokosimo." Tinachita manyazi ife.

Ndinayesapo nanenso, ndili kale pantchito. Tsiku lina bambo atalowa kwa wometa kukabwereka nyuzipepala, ndinatenga buku la nyimbo la kasitomala wina ndi dikishonale ya sukulu ina, n'kuziika pansi pasimenti, china uku china uko. Atalowa anaima, anayang'ana, n'kutola la nyimbo poyamba. Kenako anatola dikishonale. Zonse ziwiri anazipukuta ndi mkono wa malaya, n'kundifunsa ngati ndinaleredwa ndi nkhuku. Madzulo ndinawauza mayi, ndipo anathamangira cholembera. Bambo anati la nyimbolo ndilo linali pafupi ndi khomo. Mawa lake ndinakayeza ndi mapazi, ndipo linalidi pafupi ndi phazi limodzi ndi theka. Nditawauza mayi anati, "Ndani wakutuma kukayeza?" Sanafufute.

Bambo ali ndi lamulo limodzi pantchito yawo limene makasitomala amawakondera ngakhale amadana ndi pakamwa pawo. M'mabuku akutchalitchi anthu amasungamo moyo wawo wonse: makalata, zithunzi, mapepala akuchipatala, tsitsi la mwana, maina a adani. Bambo chilichonse chimene achipeza amachiika mu envelopu osachiwerenga, n'kumata, n'kubweza limodzi ndi buku. Wometa wakhala akuwanyengerera zaka zambiri kuti angomuuzako kamodzi za mkazi wa wodula makiyi, koma sanamvepo kanthu.

Ngakhale zinali choncho, mayi buku lawo sanawapatsepo. Zolemba zawo zinali m'masamba enieni a bukulo, osati zongoikamo, ndipo munthu sangasoke tsamba atatsinzina. Ndiye mkazi wa womata mabuku ankapita kutchalitchi ndi buku lopanda chikuto, msana uli panja, lomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Anzawo a kwaya ankawaseka kuti zawo zikufanana ndi za mkazi wa telala woyenda ndi diresi yong'ambika. Bambo zinkawawawa kwambiri. Akaliona pa tebulo ankangoti, "Mayi, mukundiyalutsa," manja akuwayabwa. Kuti m'bukumo munali chiyani ankadziwa, chifukwa m'nyumba ya zipinda ziwiri mulibe chinsinsi. Koma sanalitsegulepo.

Chaka chathachi mayi anayamba kutupa miyendo. Kuchipatala anati ndi impso, ndipo zinapita mofulumira kuposa mmene tinkaganizira. Mwezi wachitatu anawagoneka m'wodi ya amayi, bedi la pafupi ndi zenera, buku lawo la mphira lili pansi pa pilo. Bambo ankatseka shopu masana n'kubwera pa nthawi yoona odwala, atanyamula madzi otentha m'fulasiki ndi kathaulo kawo. Ankawapukuta mayi kumaso ndi m'manja, chala chimodzichimodzi, monga momwe amapukutira buku lonyowa ndi mvula. Mayi wa bedi loyandikana nalo anati sanaonepo mwamuna wopemphera ngati ameneyu, n'kufunsa kuti ndi wa mpingo uti. Mayi anga anaseka mpaka kutsokomola.

Lachiwiri lina dokotala anatiitanira panja n'kutiuza kuti kwatsala masiku, osati masabata. Atachoka, ine ndinawagwira bambo mkono pakhonde la wodi, pafupi ndi pamene amaunjika mipando ya odwala yothyoka.

"Bambo, mayi akufunsani lero. Andiuza."

"Ndikudziwa."

"Ingonenani kuti inde. Liwu limodzi. Simutaya kanthu."

"Ukuti ndiwanamize?"

"Ngati kulibe, monga mumanenera inu, ndani adzakufunseni? Bodza lake likathera m'bokosi momwemo. Apite ndi mtendere basi."

Ndinkayesa kuti ndawapana ndi mfundo yawo yomwe, ndipo mpaka lero ndimaona kuti mfundo yanga inali yolondola. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Iwe kukhoti kuja anakuwononga." Analowa m'wodi, ine ndili pambuyo.

Mayi sanazungulire. Mawu anali atachepa, koma nzeru zinali zonse. "Bambo, khalani apa. Zaka zonsezi sindinakufunseni mwachindunji. Lero ndikufunsa. Ndikakudikireni, kapena ndisavutike?"

Bambo anakhala pampando, chipewa chili pa bondo. Anakonza pilo amene anali kale bwinobwino. Anakoka bulangete, n'kulipinda m'mphepete kuti lilingane. Ine ndinkawayang'ana pakamwa ngati mmene ndimayang'anira mboni, zala zanga zitakonzeka.

"Mayi," anatero, "zaka makumi anayi ndi zisanu sindinakunamizenipo. Sindiyamba lero. Ine sindikuona kuti kuli kanthu."

Ndinawada bambo anga pa nthawi imeneyo. Ndikunena poyera, ndinawada, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawatulutsa m'wodimo ndi manja. Mayi anatsinzina. Misozi inatuluka m'diso limodzi n'kulowera m'khutu. Namwino anadutsa ndi ngolo yake ya mankhwala n'kubwereranso.

Kenako mayi anatsegula maso n'kundikodola. "Tenga buku. Tenga cholembera, manja anga sakugwira."

Ndinamasula mphira uja, ndinapeza tsamba lomaliza la m'kope, n'kudikira.

"Lemba. Nambala 61. Anakana kunamiza munthu woti afa mawa, amene sakanamugwira bodza. Munthu wotere akuopa winawake."

Ndinalemba liwu ndi liwu, monga mwa ntchito yanga. Bambo anangoyang'ana pazenera. Mayi atamva kuti ndamaliza anati, "Bambo, bukuli mudzalikonze. Lakuyalutsani mokwanira." Anamwalira Lachinayi masana, bambo ali m'njira ndi fulasiki yawo. Anapita osadziwa. Anali ndi mfundo makumi asanu ndi limodzi kudza imodzi, koma yankho limene ankalifuna sanalimve.

Pamaliro amayi a kwaya ankangoyang'ana pakamwa pa bambo kuti mwina lero aimbako. Sanaimbe. Sanayankhenso mlaliki, ndipo m'banja mwathu tinaziwerenga ngati ulemu waukulu. Ine sindinawalankhule kwa masabata atatu, kupatula za makiyi ndi za alendo. Wometa anandiuza kuti shopu ndi yotseka, pachitseko pali pepala loti palibe ntchito yatsopano, koma m'kati mukumveka munthu ndipo fungo la guluu likutuluka.

Loweruka lachinayi bambo anandiimbira foni. "Bwera udzatenge buku la mayi ako. Lauma."

Ndinawapeza atakhala pa tebulo, manja lende, zimene sindinazionepo. Bukulo linali patsogolo pawo pa nsalu yoyera. Anali atalivekera chikuto cha chikopa chakuda chimene anachisunga pamwamba pa shelefu kuyambira ine ndili kusekondale, akukaniza makasitomala onse, ngakhale abusa akuluakulu. Masamba ong'ambika anali atamatidwa ndi timizere ta m'zitini zija, mwakuti popanda kuunika padzuwa sungaone pamene panang'ambika. Mapepala a m'kope sanawaike mu envelopu. Anawasokera m'bukumo ndi ulusi womwewo, ngati mbali ya buku.

Ndinatsegula kumapeto kuti ndione dzanja langa. Nambala 61 inalipo, ndipo pambali pake, m'mphepete mwa tsamba, panali tizilembo ta bambo ta pensulo: "Mukanandigwira. Ndinkaopa inuyo."

Ndinayamba kubwerera m'mbuyo tsamba ndi tsamba. Anali atayankha mfundo iliyonse. Pa za kusamba m'manja analemba kuti, "Mafuta, mayi, ndinakuuzani." Pa za buku la nyimbo ndi dikishonale: "Phazi limodzi ndi theka. Mwana anayeza." Pa za zitini: "Apa mwina ndinawonjeza." Pa za ashehe: "Kasitomala ndi kasitomala." Panali mfundo zina zimene ine sindinkazidziwa. Mayi analemba kuti chaka china bambo anawaperekeza mpaka pachipata cha tchalitchi mvula ikugwa, n'kuima panja ndi ambulera mpaka mapemphero kutha. Bambo anayankha kuti, "Ambulera inali imodzi." Ndinaseka ndisakufuna, ndipo bambo anayang'ana kumbali.

Tsamba loyamba linali lachikasu kuposa ena onse, inki yake itazirala, dzanja la mayi likadali la mtsikana. Deti lake linali la zaka ziwiri ine ndisanabadwe. Nambala 1 inali yaitali kuposa zonse. Mayi analemba kuti tsiku limene mwana, mkulu wanga uja, anakomoka ndi malungo, madokotala atawatulutsa panja, iwo anathamangira kushopu masana kukawaitana bambo. Chitseko chinali chotsekedwa pang'ono. Anawaona atagwira gudumu la chopanira ndi manja onse awiri, mutu atautsamiritsa pachitsulo, m'shopumo mulibe munthu wina aliyense, akunena kuti, "Chonde. Chonde. Chonde." Mayi anaima panja mpaka atasiya, kenako anagogoda ngati angofika kumene. Mwanayo anamwalira dzuwa lisanalowe.

Pambali pake pensulo inali itakanikizidwa kwambiri moti zilembo zinatulukira kuseri kwa tsamba. Bambo analemba kuti: "Ndinanenadi. Sanayankhe."

Ndinatseka buku. Kukhoti ndataipapo anthu ovomera milandu ndi anthu okana, ndipo kawirikawiri ndimadziwa kuti uyu ndi uti asanamalize chiganizo. Apa sindinadziwe, ndipo mpaka pano sindikudziwa. Mwina anali mawu a munthu amene anayesa kamodzi, n'kupeza kuti kulibe, n'kuvomereza. Mwina anali a munthu amene wakhala zaka makumi anayi osalankhulana ndi mnansi wake chifukwa cha mlandu umene suola. Mayi akanaziwerenga akanadziwa kolemba. Chinandipweteka n'chakuti mawu awiriwa bambo akanatha kuwanena Lachiwiri lija m'wodi, ndipo silikanakhala bodza.

"Ulusi wagwira?" anafunsa bambo.

"Wagwira."

"Usalitsegule kwambiri mwezi uno. Msana ukadali wanthete."

Ndinaima nalo m'manja. Kwa wometa kunkamveka wailesi ndi makina ometera.

"Bambo," ndinatero, "mayankho onsewa mumayankha ndani? Si paja mumati munthu akafa watha?"

Anadzuka, anapita kuseri kwa chitseko, n'kuyamba kusamba m'manja ngakhale panalibe buku lina loti agwire. Anapaka sopo, anatsukuluza, anapukuta chala chimodzichimodzi.

"Watha," anatero.

Ndinafuna kutsegula chikwama changa kuti ndiikemo bukulo, koma zipi inakana ndi dzanja limodzi. Pa tebulo panali podontha guluu, ndiye ndinawerama kuti ndiyambe ndalitsamiritsa kumwendo wa mpando. Bambo anali atandifulatira, akupachika kathaulo pamsomali, koma anandimva.

"Iwe," anatero. "Usawaike pansi mayi ako."